Kuno Si ku Kalewa

Tsiku limene amalume anga anayembekezera anthu 40 pa jimu yawo koma n'kubwera atatu okha, ine ndinali mmodzi wa atatuwo. Sindinapite chifukwa chokonda kunyamula zitsulo. Amayi ndiwo anandituma. Anati, "Pita ukaone amalume ako, angafe ndi manyazi." Munali mu June 2019, nthawi ili 05:00, kuzizira kwa ku Kitwe kuja kolowa mpaka m'mafupa. Ndinawapeza ataimirira pakhomo la kashopu kamene anachita lendi ku Chimwemwe, wezulo uli m'khosi, akuyang'ana wotchi ngati kuti wotchiyo ndiyo yabisa anthu.

Milungu isanu m'mbuyomo, pa tsiku lotsegulira, malowo anali odzaza moti ena ankachitira masewera panja. Tsopano tinatsala ine, mnyamata wina woyendetsa wilibala pa msika, ndi bambo wina wachikulire amene ndikuganiza kuti ankangoopa kusiya.

Banja lathu linachokera ku Katete. Agogo anabwera kudzagwira ntchito pa mgodi wa Nkana dziko lisanalandire ufulu, ndipo ife tinakula tikukamba Chinyanja m'nyumba, Chibemba panja. Amalume ndiwo anali chitsiriza m'mimba mwa agogo akazi, ndipo anakana kutsika pansi pa mgodi. Analowa usilikali ali mnyamata, n'kukhala zaka zambiri ku Ndola, ku Kalewa Barracks, monga mlangizi wa PT. Ntchito yawo inali kuthamangitsa amuna ndi akazi ovala yunifomu mpaka thupi litavomera zimene mtima ukukana. Anapitanso ku Birao, kumpoto chakum'mawa kwa Central African Republic, kumene asilikali a Zambia akhala akusungitsa mtendere pansi pa United Nations kuyambira 2015. Za kumeneko sakamba zambiri. Amangoti kunali kutentha, fumbi, ndi kusowa tulo.

Ndili mwana, kubwera kwawo kunali ngati kubwera kwa woyendera masukulu. Tinkasesa pabwalo kawiri. Ankayang'ana zikhadabo zathu, nsapato zathu, ngakhale mmene tayalira bulangeti. Tinkawaopa, komanso tinkanyadira. Mwana wa m'komboni akakuvutitsa, unkangoti, "Amalume anga ndi Ba Sajeni," nkhani n'kuthera pomwepo.

Atapuma pantchito kumayambiriro kwa 2019, anabwerera ku Kitwe, ndipo m'pamene ndinaona chinthu chimene sindinkachiyembekezera. Munthu amene kwa zaka zoposa 20 ankadziwa chochita pa ola lililonse anasanduka munthu wokhala pakhonde. Ankadzukabe 04:00, n'kusamba, n'kupolisha nsapato, kenako n'kukhala pampando kuyang'ana ana akupita kusukulu. Anzawo ena anali atalowa ntchito ya ulonda, ena anagula minda ku Lufwanyama, ena ndalama zawo zopumira pantchito zinathera m'mabala chaka chisanathe. Azakhali, akazi awo, anandiuza mwakachetechete kuti amalume ayamba kukwiya ndi zinthu zazing'ono, supuni ikagwa, mwana akaseka mokweza.

Ganizo la jimu linabwera kwa iwo akuyenda pafupi ndi holo ina yakale imene denga lake linagwa. Amalume anakula nthawi ya ZCCM, pamene migodi inkasamalira mabwalo a mpira, maholo a nkhonya ndi malo osambira m'makomboni a anthu ake. Copperbelt imeneyo ndiyo inabala Lottie Mwale wa ku Kitwe, amene anatenga mendulo ya golide pa nkhonya ku Commonwealth Games mu 1974, ndi Samuel Matete wa ku Chingola, katswiri wa dziko lonse pa mpikisano wa mamita 400 odumpha zotchinga ku Tokyo mu 1991. Migodi itagulitsidwa, cha m'ma 2000, malo ambiri otere anasowa wowasamalira. Amalume anati, "Anyamata awa alibe kopita madzulo. Ine ndili ndi nzeru, ndili ndi nthawi. Chavuta n'chiyani?"

Anaika pafupifupi theka la ndalama zawo m'menemo. Mabenchi anawotcheretsa kwa mnyamata wina wa pa kantemba ka zowotcherera. Zolemera zina anagula zakale, zina anaumba okha ndi simenti m'zitini za penti, zina zinali magiya ndi mabuleki a malole akufa. Matayala a thirakitala anawapeza ulere. Pakhoma analemba malamulo khumi ndi penti yofiira, ndipo loyamba linali loti wochedwa ndi mphindi imodzi apange mapushapu 30.

Anthu anabwera, chifukwa mbiri inamveka kuti pali msilikali weniweni amene akuphunzitsa. Ndipo anaphunzitsadi ngati msilikali weniweni. Ankakuwa. Munthu akalephera kumaliza, gulu lonse linkabwereza. Wonenepa ankamutcha dzina, woonda ankamutcha dzina. Kwa iwo sikunali kunyoza, chifukwa ndi mmene nawonso anaumbidwira, ndipo ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti akuwachitira anthuwo zabwino.

Amene anathetsa zonsezi anali mayi wina wogulitsa salaula ku Chisokone. Kuchipatala anamuuza kuti BP yake yakwera ndipo ayenera kuchepetsa thupi. Tsiku lina anachedwa chifukwa anayamba waperekeza mwana wodwala kwa mlongo wake. Amalume anamulozera pansi kuti ayambe mapushapu. Mayiyo anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kunena mosakweza mawu, "Ba Sajeni, kuno si ku Kalewa. Ine sindine rikuluti wanu. Ndalama ndalipira ndine." Anatenga chitenje chake n'kutuluka, ndipo amayi asanu ndi mmodzi anatuluka naye. Mlungu wotsatira anyamata nawo anayamba kuchepa.

Tsono m'mawa wa anthu atatu uja, titamaliza, ndinatsalira kuwathandiza kusonkhanitsa zitsulo. Anati, "Madamu, anthu wamba ndi aulesi." Amanditcha Madamu akafuna kundiseka, kuyambira tsiku limene ndinamaliza digiri yanga ku Mukuba University.

Ndinati, "Amalume, ku Kalewa munthu akatopa nanu ankapita kuti?"

Anati, "Kupita kuti? Palibe kopita. Wasaina."

"Nanga kuno?"

Sanayankhe. Anangokoka tayala n'kuliimika kukhoma.

Ndinalimba mtima kufunsa funso limenelo chifukwa nane ndinali nditagwa pa dzenje lomwelo. Ndimaphunzitsa Biology pa sukulu ina ya sekondale muno mu Kitwe. Ife tinaphunzira ndi ndodo, koma pamene ndinkayamba ntchito, lamulo la zamaphunziro la 2011 linali litaletsa kale kumenya ana kusukulu. Ndinalowa m'kalasi ya ana 70 ndilibe chida chimene aphunzitsi anga ankadalira, ndiye ndinagwiritsa ntchito pakamwa. Ndinkakuwa, ndinkachititsa manyazi, ndinkawerenga mamakisi a olephera pamaso pa onse. Kalasi inkakhala chete, ine n'kumati ndapambana. Mayeso atabwera ndinaona kuti ana aja matupi okha ndiwo ankakhala pa madesiki, mitima inachoka kalekale. Mwana wasukulu sangatenge chitenje n'kutuluka ngati mayi wa ku Chisokone, koma amatuluka ndithu, iwe ukumuona ali pompo.

Ndinawafotokozera zimenezi, ndipo ndinawapatsa kaundula wakale amene ndinali naye m'chikwama. Ndinati aliyense wobwera azimufunsa mafunso awiri asanamugwiritse chitsulo: wabwera chifukwa chiyani, ndipo pali pamene pakupweteka? Anaseka, n'kunena kuti iwo si anesi. Koma kaundulayo anamutenga.

Patapita masiku anayi anavala shati yoyera n'kupita ku Chisokone. Azakhali ndiwo anandiuza, chifukwa iwo sakanandiuza. Anakaimirira pa benchi ya mayi uja pakati pa mabelo a salaula, anthu akuona, n'kupepesa. Mayiyo anati adzabwera ngati lamulo loyamba lifufutidwa. Madzulo ake amalume anagula penti yoyera.

Musaganize kuti anasintha tsiku limodzi. Mawu aja ankawatulukabe, ndipo nthawi zina ndinkawaona akudziluma mlomo. Koma kaundula anawaphunzitsa zimene zaka zonse za PT sizinawaphunzitse. Msilikali amabwera kwa mlangizi atayesedwa kale ndi dokotala, ali wamng'ono, ndipo cholinga cha onse n'chimodzi. M'kaundula munali munthu wa shuga, mayi amene anabereka ndi opaleshoni miyezi isanu yapitayo, dalaivala wa minibasi wa msana wopweteka, mtsikana wofuna kulowa upolisi, mnyamata wongofuna chifuwa chachikulu kuti atsikana amuone. Anthu amenewa sungawapatse mulingo umodzi. Anayamba kuwagawa m'magulu. A BP ndi a shuga ankawatumiza kaye kuchipatala kuti akamve kwa dokotala zimene angachite. Analemba pakhoma, pamalo a lamulo lofufutidwa lija, malangizo a World Health Organization oti munthu wamkulu azichita masewera osachepera mphindi 150 pa mlungu, n'kuuza anthu kuti ngakhale kuyenda mwandawala kumawerengedwa.

Chimene sanasiye ndi kuyesa. Mwezi uliwonse ankatengera anthu pabwalo n'kuona mtunda umene aliyense angathamange kapena kuyenda m'mphindi 12. Ndinadzawerenga pambuyo pake kuti mayeso amenewa anawayambitsa ndi Kenneth Cooper, dokotala wa asilikali a m'ndege ku America, yemwe buku lake la mu 1968 ndilo linatchukitsa mawu oti aerobics. Kusiyana kwake, amalume analeka kuyerekeza munthu ndi mnzake. Ankamuyerekeza ndi mtunda wake wa mwezi watha. Mayi wa salaula uja atawonjezera theka la bwalo, anavina pamaso pa onse.

Zinthu zitangoyamba kuyenda, Covid inafika. Kumapeto kwa March 2020 boma linatseka majimu pamodzi ndi mabala ndi malo ena osonkhanira. Lendi inkafunikabe. Amalume anabweza kashopu kaja, zitsulo n'kuziunjika kuseri kwa nyumba, ataphimba ndi tenti yakale. Ndinaganiza kuti zathera pamenepo, ndipo ndinayamba kuopa khonde lija. Koma anatenga kaundula, n'kumaimbira foni munthu mmodzimmodzi m'mawa uliwonse: mwadzuka? mwayenda? mankhwala mwamwa? Sankalipiritsa. Malamulo atafewa, anayamba kukumana ndi anthu panja, pabwalo la fumbi la m'komboni, motalikirana. Anthu amene ankaimbiridwa aja anabwera ndi anzawo. Jimu yopanda denga inakula kuposa ya denga.

Apa m'pamene nkhani ya amalume inakumana ndi kalasi yanga. Mu 2022 ndinali ndi mnyamata wa Giredi 11, wanzeru, koma wogona m'kalasi tsiku lililonse. Nditamufufuza ndinapeza kuti Loweruka ndi madzulo ankapita ku Black Mountain, phiri lakuda lija la zotsalira za mgodi ku Wusakile, kukatola miyala yogulitsa, ndipo ndalama zina zinkathera ku mankhwala a chifuwa amene anyamata amamwa kuti aledzere. Bambo ake anamwalira, amayi ake ankagulitsa tomato. Ine wakale ndikanamuimika kutsogolo n'kumuchititsa manyazi. M'malo mwake ndinapempha chilolezo kwa amayi ake n'kumutengera kwa amalume.

Anamuyang'ana, n'kumufunsa mafunso awiri aja. Mnyamatayo anati sakudziwa chimene wabwerera, Madamu ndiwo amukakamiza. Amalume anati, "Chabwino. Ine ndikufuna munthu wonyamula sipika m'mawa. Udzachita masewera ulere." Kwa miyezi itatu ankafika 04:45, sipika ili paphewa. Maso ake anayera. M'kalasi anayamba kufunsa mafunso okhudza minofu ndi mtima, ndipo tsiku lina anandikonza nditasokoneza dzina la fupa.

Kenako Lolemba lina sanabwere, ndipo sipika nayo sinabwere. Lachiwiri chimodzimodzi. Lachitatu tinamva kuti sipika yagulitsidwa. Ndinachita manyazi osaneneka, chifukwa ndine ndinamubweretsa. Anyamata akuluakulu a pa jimu ankafuna kukamusaka kuti amuphunzitse khalidwe. Ena anati nkhani ipite kupolisi. Ndinayang'ana amalume ndikudziwa bwino zimene Ba Sajeni a ubwana wanga akanachita.

Anauza anyamatawo kuti aliyense wokhudza mwanayo asadzapondenso pabwalo. Kenako anati, "Madamu, tiye." Tinayenda m'makomboni awiri mpaka tinamupeza kuseri kwa kantemba kena, atakhala pansi, maso ali ofiira. Atationa anafuna kuthawa koma miyendo inakana. Amalume anakhala pansi pafumbi pambali pake, munthu amene sindinamuonepo akudetsa thalauzi. Anakhala chete nthawi yaitali. Kenako anati, "Sipika ija udzaibweza ndi ntchito, ndalama iliyonse. Mawa 04:45. Ukapanda kubwera ndidzabweranso kuno, ndi mkuja, mpaka udzatope nane."

Pobwerera ndinawafunsa chifukwa chake. Anati, "Pothamanga ndi gulu, mlangizi wabwino sakhala kutsogolo. Amakhala kumbuyo, ndi womalizira. Mukafika 29 mutanyamuka 30, simunafike." Anati zimenezi anaziphunzira ku usilikali komweko, kungoti kukuwa kuja kunaziphimba, ngakhale kwa iwo eni.

Ndakhala ndikuganizira mawu amenewo. Poyamba ndinkaona ngati amalume anapambana chifukwa anavula usilikali. Tsopano ndikuona kuti anasankha zoti atenge ndi zoti asiye. Anasiya kukuwa, zilango za gulu, ndi chikhulupiriro choti udindo wa paphewa ndiwo umapangitsa anthu kukumvera. Anatenga kusunga nthawi, kulemba zonse, kusamala zida, kufika woyamba ndi kuchoka womaliza, ndi kuwerenga anthu ake asanagone. Njira imeneyi ena anaiyenda kale kumayiko akutali. Ku London, msilikali wopuma Robin Cope anayambitsa British Military Fitness mu 1999, yophunzitsa anthu wamba m'mapaki. Ku America, Randy Hetrick, amene anali wa Navy SEALs, anasoka zingwe zochitira masewera kuchokera ku lamba wa jiu-jitsu ndi nsalu za parachuti, n'kudzakhala kampani ya TRX. Nditawauza amalume za anthu amenewa anangoti, "Nawonso anakumana ndi mayi wawo wa salaula."

Mnyamata uja sanabwere mawa lake. Anabwera tsiku lachitatu, amalume atapitako kawiri. Sindinganene kuti zonse zinakhala bwino kuyambira pamenepo. Anagwanso kamodzi chaka chomwecho, ndipo mayeso a Giredi 12 anakhoza Biology koma Masamu anamugwetsa. Chaka chino akulembanso. Ngongole ya sipika anaimaliza m'miyezi isanu ndi iwiri, ndipo amalume anamuonetsa tsamba la m'kaundula pamene anailemba, n'kumupatsa bolopeni kuti aikhwatche yekha.

Lero jimu ili ndi denga kachiwiri, inalembetsedwa ku PACRA, ndipo anthu amalipira pa foni. Pali alangizi anayi, awiri mwa iwo ndi akazi, mmodzi ndi msilikali mnzawo wopuma amene amalume anamuletsa kugwira wezulo kwa mwezi wathunthu mpaka ataphunzira mayina a anthu onse. Amalume masiku ano nthawi yambiri amathera pa mabuku a ndalama, kukambirana za lendi, ndi kuphunzitsa alangizi, ntchito imene amati ndi yolemetsa kuposa chitsulo chilichonse. Magetsi atavuta kwambiri mu 2024 chifukwa cha kuchepa kwa madzi ku Kariba, anagula kasola kakang'ono kuti nyimbo zisaleke. Phindu si lalikulu. Miyezi ya mvula anthu amachepa, ndipo January aliyense amabwera ndi malonjezo amene amatha pofika March.

Loweruka lililonse gulu lina limakumana ku Ndola, pamalo ena apululu kufupi ndi Levy Mwanawasa Stadium. Amene amatsogolera kumeneko ndi mnyamata uja. Amakwera minibasi yoyamba kuchoka ku Kitwe, sipika yatsopano ili pamiyendo. Mwezi watha ndinapita nawo kukaona. Panali amayi, madalaivala, ana asukulu, ndi asilikali awiri achinyamata amene anabwera ndi zovala wamba. Atayamba kuthamanga mozungulira, ndinamuona mnyamatayo akusiya kutsogolo, n'kubwerera kumbuyo kumene agogo ena aakazi ankayenda pang'onopang'ono atagwira m'chiuno.

Inu amene mukuwerenga muli ku Chimwemwe, ku Chifubu, ku Kwacha kapena ku Masala, ena mwa inu mukufuna kulowa usilikali, ena mukulota zotsegula jimu yanu, ena mwangopatsidwa ukaputeni wa timu ya m'komboni. Sindikuletsani chilichonse. Ndingokuuzani zimene ndinaona: tsiku lidzafika limene anthu amene mukuwatsogolera adzakhala ndi ufulu wochoka, ndipo tsiku limenelo m'pamene mudzadziwe ngati ankakutsatirani kapena ankangokuopani. Amalume analidziwa ali ndi zaka pafupifupi 50, ndalama zawo zili m'zitini za simenti. Ine ndinalidziwa pa mapepala a mayeso.

Ndimapitabe ku jimu katatu pa mlungu, tsopano mosatumidwa. Lachisanu lapitali ndinachedwa ndi mphindi khumi chifukwa ndinagona mochedwa ndikuchonga mapepala. Amalume anayang'ana wotchi, n'kundiyang'ana ine, ndipo ndinaona mapushapu 30 aja akufika pamlomo pawo. Anameza. Anati, "Mwashibukeni, Madamu. Bondo lija lili bwanji?" Ndinati lili bwino. Anati, "Ndiye lowa mu mzere, anzako akudikira."